Kukhalitsa pamudzi si chiphaso: zomwe lamulo likunena za akamwini ndi alendo m'boma la Marávia

FÍNGOÈ — Mabanja ambiri a m'boma la Marávia ali ndi abale mbali ya Zambia. Ku Malowera, ku Chiputo, ku Chipera ndi pa Fíngoè pomwe kuli akamwini ochokera ku Petauke, Nyimba ndi Katete, kuli amayi omwe adatengedwa chitengwa kuchokera kumeneko, ndiponso kuli abambo ndi amayi omwe adabadwira kothawa nkhondo nabwera kuno ali kumsana. Anthu amenewa amalima pamodzi ndi anzawo, amakumba nawo manda pamaliro, ndipo mfumu imawadziwa mayina awo onse.

Pamudzi palibe amene amawafunsa chiphaso. Chiphaso chimafunika tsiku la vuto: pamene apolisi aimitsa galimoto pamsewu wa ku Bene, pamene mwana afuna kulemba mayeso, pamene munthu afuna kutsegula buku ku banki, kapena pamene mwini nyumba wamwalira ndipo achibale ayamba kukanganirana munda. Apa ndi pamene ambiri amadzidzimuka pomva kuti zaka 20 zomwe akhala pamudzi sizidalembedwe paliponse m'mabuku a boma. Lamulo limawerenga zaka za mlendo kuyambira tsiku lomwe adalandira chilolezo chokhalira m'dziko. Komanso alipo ena omwe amakhala ndi mantha ngati alendo pamene lamulo likuwatcha eni dziko.

Malire adapeza anthu ali kale

Malire omwe akulekanitsa chigawo cha Tete ndi Zambia adachokera m'pangano lomwe Angelezi ndi Apwitikizi adasayinirana pa 11 Juni 1891. Panganoli lidadula pakati dziko la Achewa ndi Ansenga, anthu a zilankhulo ndi miyambo yofanana. Likulu lakale la Undi lidali ku Mano, mbali ino ya malire, koma lero Kalonga Gawa Undi amakhala ku Mkaika m'boma la Katete, komwe mafumu a ku Moçambique, Malawi ndi Zambia amakakula chaka ndi chaka pa mwambo wa Kulamba m'mwezi wa Ogasiti.

Nkhondo ziwiri zidawonjezera kusakanizika kumeneku. Yoyamba idali yomenyera ufulu, yomwe idakolera m'chigawo cha Tete kuyambira 1968. Yachiwiri idali ya pachiweniweni, yomwe idatha ndi pangano la mtendere la ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Anthu zikwizikwi a m'maboma a m'malire adathawira ku Zambia, ndipo ambiri adakasungidwa ku Ukwimi m'boma la Petauke, malo omwe adatsegulidwa m'chaka cha 1987. Mtendere utabwera, anthu pafupifupi 1.7 miliyoni adabwerera ku Moçambique kuchokera m'mayiko oyandikana nawo. Ena adabwera ndi akazi kapena amuna a ku Zambia, ena ndi ana obadwira kumeneko, ndipo si onse omwe adapita kukalembetsa. Mafunso ambiri a lero adayambira pamenepo.

Kodi nzika ya Moçambique ndani?

Ili ndilo funso loyamba, chifukwa nzika sifunika viza kapena chilolezo kuti ikhale m'dziko lake. Yankho lake lili m'lamulo lalikulu la dziko, Constituição ya 2004.

Lamuloli likuti munthu wobadwira ku Moçambique dziko litalandira kale ufulu, pa 25 Juni 1975, ndi nzika. Omwe sakuwerengedwa m'gululi ndi ana a makolo awiri achilendo pamene mmodzi wa makolowo ali kuno pa ntchito ya boma la kwawo, monga akazembe. Kotero mwana wobadwira ku Malowera kwa mayi wa komweko ndi bambo wa ku Petauke ndi nzika yeniyeni, ngakhale bambo wakeyo alibe pepala lililonse. Kusowa mapepala kwa bambo si mlandu wa mwana.

Mwana wobadwira kunja nayenso ali ndi njira yake. Ngati bambo kapena mayi wake ndi nzika ya Moçambique, mwanayo ndi nzika malinga anene poyera kwa a boma kuti akufuna kukhala nzika. Akakhala wamng'ono amamunenera ndi makolo, akakwana zaka 18 amanena yekha. Izi zikukhudza onse omwe adabadwira ku Ukwimi nthawi ya nkhondo, komanso makanda a masiku ano omwe amabadwira m'zipatala za ku Zambia, monga cha Nyanje, chifukwa amayi a m'midzi ya m'malire amathamangira chipatala chomwe chili pafupi.

Apa pali msampha. Ambiri amaganiza kuti wobadwira ku Zambia ndiye kuti ndi nzika ya Zambia. Lamulo la kumeneko silitero: limapereka unzika wobadwa nawo kwa mwana yemwe bambo kapena mayi wake ndi nzika ya Zambia. Mwana wa makolo awiri a ku Marávia wobadwira ku Ukwimi sadalandire unzika wa Zambia pobadwa, ndipo ngati sadalembetsedwe kuno, alibe buku lomwe lili ndi dzina lake mbali zonse ziwiri.

Munthu wotere asavutike ndi kupempha chilolezo cha alendo. Khomo lake ndi la Registo Civil, komwe amalembetsa kubadwa ndi kupereka chikalata chomwe munthu amakatengera Bilhete de Identidade. Apite ndi chilichonse chosonyeza makolo ake ndi komwe adabadwira: khadi la kusikelo, chikalata cha ubatizo, bilhete ya mayi kapena bambo, ndi mboni zomwe zimamudziwa. Nkhani za unzika wa obadwira kunja zimakathera ku Conservatória dos Registos Centrais ku Maputo, motero zimatenga nthawi. Kunama kuti munthu adabadwira pamudzi pofuna kufupikitsa njira ndi mlandu, ndipo bodza likadzaululika mapepala onse omangidwa pa bodzalo amagwa.

Kodi wodzacheza kwa abale afunika viza?

Nzika ya Zambia, Malawi kapena Zimbabwe yokhala ndi pasipoti sifunika viza pobwera kudzacheza ku Moçambique. Koma kusafunika viza sikutanthauza kuti munthu angalowe paliponse ndi kukhala mpaka atafuna. Lamulo likufuna kuti alowere pachipata chovomerezeka, monga cha Cassacatiza m'boma la Chifunde, chomwe mbali ya Zambia chimatchedwa Chanida, ndipo a Migração adinde pasipoti yake. Chidindocho chimapereka masiku owerengeka, kawirikawiri 30. Mlendo awerenge tsiku lomwe lalembedwa asanachoke pachipata.

Akuluakulu adati mlendo ndi mame, ndipo lamulo nalonso limamuona motero. Masiku akatha munthu asanatuluke kapena asanapemphe kuwonjezera, chindapusa chake chimawerengedwa tsiku ndi tsiku, ndipo amachipeza chikumudikira pachipata potuluka. Chidindo cha kucheza sichilola munthu kulembedwa ntchito, ndiponso sichisanduka chilolezo chokhalira ngakhale munthu atamatuluka ndi kulowanso mwezi uliwonse kwa zaka zambiri.

Zoona zake n'zakuti anthu a m'malire amadutsa njira za kutchire tsiku lililonse popita kumaliro, kuchigayo, kumsika kapena kuchipatala, chifukwa chipata chili kutali. Koma wolowera njira yotere alibe umboni wa tsiku lomwe adalowa, ndipo akakumana ndi apolisi a m'malire kapena a Migração, lamulo limamutenga ngati wolowa mozemba. Kalata ya mfumu kapena ya secretário wa dera imathandiza kuchitira umboni kuti munthu ndi wodziwika, koma siilowa m'malo mwa pasipoti. Wolandira mlendo wa dziko lina pakhomo pake nayenso ali ndi udindo wodziwitsa akuluakulu a boma kuti akusunga mlendo.

Kodi wofuna kukhazikika ayambire pati?

Malamulo a alendo kale adali mu Lei 5/93 ya mu Disembala 1993, yomwe idagwira ntchito zaka pafupifupi 30 mpaka idalowedwa m'malo ndi Lei 23/2022 ya pa 29 Disembala 2022. Oyendetsa lamuloli ndi a Serviço Nacional de Migração, omwe anthu amangowatcha SENAMI kapena Migração, ndipo ofesi yawo yaikulu m'chigawo chino ili mumzinda wa Tete.

Wofuna kudzakhala ku Moçambique ayenera kuyamba adakali kwawo. Amapempha viza yokhalira, visto de residência, ku ofesi ya kazembe wa Moçambique: wa ku Zambia amapita ku Lusaka, wa ku Malawi ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Zomwe zimafunika ndi pasipoti yomwe siidathe ntchito, chikalata cha apolisi a kwawo chosonyeza kuti alibe milandu, chikalata cha dokotala, ndi umboni wakuti ali ndi pokhala ndi chodzisamalira nacho. Wobwera kudzatsata mkazi, mwamuna kapena kholo amaonetsa chikalata chotsimikiza ubalewo, ndipo wam'banja yemwe ali kuno amasayina kuti adzamusamala.

Viza imeneyi ndi yolowera kamodzi kokha ndipo masiku ake ndi ochepa. Ntchito yake ndi kumufikitsa munthu pakhomo la Migração kuti akapemphe chitupa cha mlendo wokhala m'dziko, chomwe chimadziwika ndi dzina lakuti DIRE. Chitupa choyamba ndi cha kanthawi, residência temporária, ndipo chimakhala chaka chimodzi. Chaka chilichonse mwini wake ayenera kuchikonzetsanso tsiku lake lisanakwane, ndi kulipira ndalama zomwe boma lidaika.

Kwa mlimi wa ku Chiputo kapena Malowera izi si zapafupi. Pali ulendo wa ku Lusaka, ulendo wautali wa ku Tete kudzera pa Bene pamsewu womwe umavuta nthawi ya dzinja, ndalama za galimoto, za pogona ndi za chitupacho. N'chifukwa chake ambiri amangokhala chete. Nzeru yake ndi kukonzekera ulendowu nthawi yokolola, pamene ndalama za fodya ndi chimanga zili m'manja ndipo msewu ndi wouma, osadikira sabata yomwe chitupa chikutha.

Kodi chilolezo chokhaliratu chimabwera liti?

Chilolezo chokhaliratu, residência permanente, chimaperekedwa kwa mlendo yemwe wakhala ndi chitupa cha kanthawi zaka 10 zotsatana. Mawu ofunika apa ndi akuti zotsatana. Mkamwini yemwe adafika m'chaka cha 1995 koma adatenga DIRE yake yoyamba mu 2020, zaka zake zimayambira 2020. Yemwe adalekeza chitupa chake kutha osachikonzetsa angathe kutaya zaka zomwe adasonkhanitsa. Kukhala kunja kwa dziko nthawi yaitali osadziwitsa a Migração nakonso kumathetsa chilolezo.

Ngakhale chimatchedwa chokhaliratu, chitupachi chimakonzetsedwanso zaka zisanu zilizonse. Wa zaka 65 kapena kuposerapo angathe kupempha cha moyo wonse. Ndipo chilolezo chokhaliratu si unzika: mwini wake akadali nzika ya kwawo, amayendera pasipoti ya kwawo, savota pa chisankho, ndipo akapalamula mlandu waukulu angathe kuthamangitsidwa m'dziko.

Wofuna unzika weniweni amapempha padera. Constituição ikuti akhale wa zaka zoposa 18, akhale atakhala m'dziko movomerezeka zaka zosachepera 10, adziwe Chipwitikizi kapena chilankhulo chimodzi cha mu Moçambique, athe kudzisamala, ndipo akhale wa mbiri yabwino. Pa chilankhulo, Mchewa kapena Mnsenga wa ku Zambia alibe vuto, pakuti Chinyanja ndi chilankhulo cha dziko lino. Wolandira unzika motere amavota, koma sangakhale phungu wa ku Assembleia da República, nduna, kazembe kapena kulowa ntchito ya usilikali.

Kodi ukwati umapereka unzika?

Pachikhalidwe cha kuno, mwamuna akapita chikamwini, ankhoswe akakumana ndipo mfumu ikamulandira, ndiye kuti walowa m'mudzi. Pamaso pa boma nkhani siithera pomwepo. Ukwati paokha susintha unzika wa munthu ndipo sumuchotsera udindo wokhala ndi chitupa. Chomwe umachita ndi kutsegula njira yaifupi.

Constituição ya 2004 ikuti mlendo yemwe wakhala pa ukwati ndi nzika ya Moçambique zaka zosachepera zisanu angathe kulandira unzika ngati anena kuti akuufuna ndipo akwaniritsa zomwe lamulo likufuna. Izi n'zofanana kwa mwamuna ndi mkazi. Kale sizidali choncho: pansi pa Constituição ya 1990 njirayi idali ya akazi achilendo okwatiwa ndi amuna a kuno okha, ndipo akamwini idawasiya kunja. Akamwini ambiri achikulire akadali ndi maganizo akalewo, osadziwa kuti khomo lidatseguka.

Koma zaka zisanuzo zimafuna umboni. Lamulo la mabanja, lomwe lidakhazikitsidwa mu 2004 ndi kukonzedwanso mu 2019, limavomereza ukwati wa ku boma, wa kutchalitchi ndi wa pachikhalidwe, malinga ukhale wa mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi ndipo ulembetsedwe ku Registo Civil. Ukwati womwe umadziwika ndi ankhoswe okha, ngakhale utabala ana asanu ndi atatu, ulibe chikalata choti munthu akaonetse popempha viza yotsata banja kapena unzika. Kulembetsa ukwati ndiye phazi loyamba, ndipo ndi lotsika mtengo kuposa ena onse.

Amayi omwe adataya unzika wa Moçambique chifukwa chokwatiwa ndi alendo pansi pa malamulo akale, Constituição ikuwalola kuupempha kuti ubwerere.

Kodi mlendo angakhale ndi munda?

Lamulo la malo la 1997 likuti nthaka yonse ndi ya boma, siigulitsidwa, ndipo chomwe munthu amakhala nacho ndi ufulu wogwiritsa ntchito malowo, wotchedwa DUAT. Nzika imapeza ufuluwu kudzera m'chikhalidwe cha kwawo, kapena polima malo mwachilungamo zaka zosachepera 10, ngakhale ilibe pepala. Mlendo sali m'gulu limeneli. Iye angalandire DUAT pokhapokha atakhala m'dziko zaka zosachepera zisanu ndipo ali ndi ntchito ya chitukuko yomwe boma lavomereza.

Tanthauzo lake pamudzi ndi ili: munda womwe mkamwini wa ku Zambia akulima, pamaso pa lamulo ndi wa mkazi wake ndi ana, monga momwenso chikhalidwe chimanenera. Vuto lalikulu limagwera mayi wa ku Zambia yemwe adatengedwa chitengwa, mwamuna wake akamwalira ukwati usanalembetsedwe ndipo ana alibe mapepala. Achibale akaukira, alibe chogwira. Ana olembetsedwa ndiwo chitetezo cha munda, chifukwa lamulo limalola ufulu wa malo kupita kwa olowa m'malo, aamuna ndi aakazi chimodzimodzi.

Nanga a kuno omwe ali ku Zambia?

Mpeni uli konsekonse. Munthu wa ku Marávia yemwe adakwatira kapena kukwatiwa ku Petauke, Sinda kapena Katete ndi mlendo kumeneko monga momwe mnzake alili kuno. Omwe adatsalira ku Zambia nkhondo itatha asadalire mapepala a othawa nkhondo, pakuti kuyambira kumapeto kwa 1996 anthu a ku Moçambique adasiya kuwerengedwa ngati othawa nkhondo ija.

Lamulo la Zambia la 2010 loona za olowa ndi otuluka lili ndi chilolezo cha wokwatira kapena wokwatiwa ndi nzika, chomwe kumeneko amachitcha Spouse Permit. Yemwe wakhala nacho zaka zisanu angathe kupempha chilolezo chokhazikika. Kumenekonso choyamba kufunsidwa ndi pasipoti ya Moçambique ndi chikalata cha ukwati, ndipo pasipoti siituluka popanda Bilhete de Identidade. Njira zonse zimabwerera ku Registo Civil.

Pa za unzika wa mayiko awiri, Zambia idayamba kuulola mu 2016. Mwana wa mayi wa kuno ndi bambo wa ku Zambia angathe kukhala ndi ufulu mbali zonse. Koma Constituição ikuti munthu yemwe ndi nzika ya Moçambique, ali m'dziko muno amatengedwa ngati nzika ya Moçambique basi, ndipo unzika winawo sugwira ntchito. Choopsa ndi kukhala ndi zitupa ziwiri za mayina osiyana, masiku obadwa osiyana kapena malo obadwira osiyana. Zimenezo ndi chinyengo mbali zonse ziwiri.

Kokafunsa

Yemwe wakhala zaka zambiri wopanda pepala ali pa mpanipani weniweni, chifukwa lamulo limalola a Migração kumulipiritsa chindapusa kapena kumuuza kuti atuluke akalowenso mwa dongosolo. Komabe kubisala sikuchepetsa mlandu, kumangochedwetsa tsiku lomwe zaka zake zidzayambe kuwerengedwa. Munthu wotere ayambe wafunsa uphungu ku IPAJ, bungwe lomwe boma lidakhazikitsa mu 1994 kuti lizithandiza ulere anthu osauka pa nkhani za malamulo. Kenaka atenge pasipoti ya kwawo, alembetse ukwati ndi ana, ndipo pomaliza akaonekere ku Migração ali ndi zonse m'manja.

Achenjere ndi anthu oyendayenda omwe amalonjeza bilhete kapena DIRE ya msangamsanga pa mtengo wa mbuzi. Ndalama za boma zimalipidwa pa ofesi kapena ku banki ndipo zimatuluka ndi lisiti. Chitupa chogula kuseri chimagwidwa, ndipo wogwidwa nacho ndi mwini chithunzi, osati wogulitsa.

Safunsa adadya phula. Mafumu, a mipingo ndi aphunzitsi a m'boma la Marávia angathandize kwambiri powerengera anthu awo nkhaniyi pamisonkhano, ndi kulimbikitsa makolo kulembetsa mwana aliyense m'miyezi yoyamba atabadwa, pamene kulembetsako ndi kwaulere, kaya wabadwira pa Fíngoè kaya mbali ya Zambia.